Dr. Ernest McCulloch ndi Kholo la Magazi

Munthu akadzitema ndi nkhwangwa podula mitengo, magazi amatayika ndithu, koma pakapita masabata oŵerengeka thupi lake limakhala litabwezeretsa onse amene adatayikawo. Ndi chimodzimodzinso mai amene wangochira kumene pobereka, kapena mnyamata amene wapereka magazi ku chipatala kuti apulumutse mbale wake. Zimenezi n'zozoloŵereka, kotero kuti ndi anthu ochepa okha amene amaima ndi kufunsa kuti: kodi magazi atsopanowo amachokera kuti, nanga bwanji gwero lake siliphwa ngakhale munthu afike zaka 80? Funso limeneli lidasautsa akatswiri a zachipatala kwa zaka zoposa 50. Nkhani ya lero ikunena za dotolo wa ku Canada, Dr. Ernest McCulloch, amene pamodzi ndi mnzake Dr. James Till adapeza njira yoyankhira funsolo, ndipo adaipeza poŵerenga timibulu pa kapamba wa mbeŵa.

Poyamba nkofunika kudziŵa kuti magazi si madzi ofiira chabe ai. M'kati mwake muli tizinthu tamoyo tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene timatchedwa maselo. Alipo maselo ofiira amene amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kunka nawo m'thupi lonse. Alipo maselo oyera amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tiliponso tiziduswa timene timaundanitsa magazi pa bala. Zonsezi sizikhalitsa. Selo lofiira limakhala masiku 120 okha, tiziduswa tija masiku ngati 10, ndipo ena mwa maselo oyera samaliza ndi sabata yomwe. Tsono kuti munthu akhalebe ndi moyo, thupi lake liyenera kupanga maselo ofiira oposa 2,000,000 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Ntchito yonseyi imachitikira m'mafuta a m'mafupa.

M'chaka cha 1909 katswiri wa ku Russia, Alexander Maximow, adafotokoza pa msonkhano wa madotolo mu mzinda wa Berlin kuti mitundu yonse ya maselo a magazi imachokera ku selo la mtundu umodzi, limene lili ngati kholo lao. Pa Chingerezi selo lotere limatchedwa stem cell. Akatswiri ena adakana, nanena kuti mtundu uliwonse uli ndi kholo lakelake. Mkanganowo udatenga zaka zambiri osatha, chifukwa mbali zonse ziŵiri zinkadalira chida chimodzi, ndicho galasi lokuzira zinthu lotchedwa maikulosikopu. Galasilo limaonetsa maonekedwe a selo, koma silinena kuti selolo lidabadwa kwa yani kapena kuti lidzabala chiyani. Maselo aang'ono a m'mafuta a m'mafupa amafanana kwambiri, ndipo padalibe munthu amene akadaloza limodzi ndi kunena motsimikiza kuti kholo lija ndi ili.

Chimene chidasintha zinthu ndi nkhondo. Mabomba a atomu atagwa pa mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan m'mwezi wa August 1945, anthu ambiri amene adapulumuka ku moto adamwalirabe patapita masabata angapo. Cheza choopsa chochokera ku mabombawo, chimene akatswiri amachitcha radiation, chidaononga mafuta a m'mafupa ao, motero magazi adaleka kupangidwa. Maiko adachita mantha, nayamba kuika ndalama zambiri pa kafukufuku wa chezacho. Mu 1949 Leon Jacobson wa ku Chicago adaona kuti mbeŵa imapulumuka ku cheza chakupha ngati kapamba wake waphimbidwa ndi mtovu. Mu 1951 Egon Lorenz adapulumutsa mbeŵa zotere pozibaya jekeseni ya mafuta a m'mafupa a mbeŵa zina. Ndipo mu 1956 Charles Ford ndi anzake ku England adatsimikiza kuti magazi atsopano a mbeŵa yopulumutsidwayo amachokera ku maselo a mbeŵa yoperekayo. Choncho kudadziŵika kuti m'mafutamo muli maselo otha kumanganso magazi onse. Koma kuti maselowo ndi ati, ndiponso kuti alipo angati, padalibe wodziŵa.

Ernest Armstrong McCulloch adabadwira mu mzinda wa Toronto pa 27 April 1926, m'banja lopeza bwino. Adatsiriza maphunziro a udotolo pa Yunivesite ya Toronto mu 1948, napita ku London kukaphunzira kachitidwe ka kafukufuku pa Lister Institute. Atabwerera kwao adagwira ntchito yosamalira odwala matenda a magazi. Masiku amenewo dotolo akapeza munthu ndi khansa ya m'magazi ya mtundu wofulumira, ankadziŵa kuti wodwalayo watsala ndi miyezi yochepa, ndipo chimene akadachita ndi kumuonjezera magazi ndi kuchepetsako ululu basi. Mu 1957 Dr. McCulloch adaloŵa ntchito pa Ontario Cancer Institute, malo atsopano ofufuzira za khansa amene adali pamodzi ndi chipatala cha Princess Margaret.

Kumeneko adakumana ndi James Till, amene adabadwa mu 1931 nakulira pa munda wa makolo ake pafupi ndi tauni ya Lloydminster, ku madzulo kwa dziko la Canada. Iyeyu sadali dotolo wa odwala. Adaphunzira sayansi ya fizikisi ku Saskatchewan, natsiriza digiri yake yapamwamba pa Yunivesite ya Yale mu 1957. Dr. McCulloch ankafuna kuunika mbeŵa ndi cheza, koma makina ake ankafunika munthu wodziŵa kuyesa mphamvu ya chezacho, ndipo Dr. Till ndiye adadzipereka kumthandiza. Anthu aŵiriŵa adali osiyana kwambiri. Wina adali mwana wa m'tauni, wokonda mabuku ndi ndakatulo, wofulumira kutulutsa maganizo atsopano. Winayo adali mwana wa mlimi, wosavomera kanthu kufikira ataona manambala. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imene aŵiriŵa adagwira limodzi kwa zaka zoposa 10 idaonetsa kuti mauwo ndi oona.

Cholinga chao choyamba sichidali kufuna kholo la magazi ai. Ankafuna kungoyesa kuti cheza chimapha maselo angati a m'mafuta a m'mafupa. Ankatenga mbeŵa zoŵeta, naziunika ndi cheza chokwanira kuzipha pasanathe masabata aŵiri, kenaka nazibaya jekeseni ya maselo a m'mafupa oŵerengedwa bwino, zina ochepa, zina ambiri. Tsiku lina Lamulungu m'chaka cha 1960, patapita masiku 10 chibayireni jekeseni, Dr. McCulloch adapita yekha ku ntchito kukatumbula mbeŵazo. Atayang'ana kapamba, chiŵalo chija chimatupa kumanzere kwa mimba mwana akamadwala malungo kaŵirikaŵiri, adaona timibulu totumphuka pamwamba pake.

Akatswiri ena adali ataonapo timibulu totere, koma adangotinyalanyaza. Dr. McCulloch adatiŵerenga. Atalemba manambalawo pa pepala adaona kuti mbeŵa imene idalandira maselo ochuluka kaŵiri idalinso ndi timibulu tochuluka kaŵiri, ndipo imene idalandira ochuluka katatu idali ndi timibulu tochuluka katatu. Pa maselo 10,000 alionse obayidwa pankatuluka kambulu pafupifupi kamodzi. Dr. Till ataona pepalalo adazindikira tanthauzo lake msanga. Kukadakhala kuti maselo aŵiri kapena atatu ayenera kukumana kuti kambulu kapangike, manambalawo sakadayenda molingana chotero. Kulingana kumeneko kudaonetsa kuti kambulu kalikonse kamayamba ndi chinthu chimodzi. M'timibuluto mudali maselo zikwi mazanamazana, ena okhwimira ku maselo ofiira, ena ku oyera, ena ku maselo akuluakulu obala tiziduswa toundanitsa magazi.

Zotsatira za ntchitoyi zidasindikizidwa mu February 1961 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Radiation Research. Magaziniyo inkaŵerengedwa ndi anthu ochepa, ndipo poyamba nkhaniyo siidamveke patali. Aŵiriwo nawonso adadziletsa. Sadalembe kuti apeza kholo la magazi, popeza adalibe umboni wokwanira wakuti chinthu chimodzi chija ndi selo limodzi, osati kagulu ka maselo omatirirana. Adangochitcha chinthu choyambitsa kambulu, nayamba kufuna umboniwo.

Amene adaupeza ndi wophunzira wao, Andrew Becker. M'kati mwa selo lililonse muli timaulusi totchedwa makromosomu, timene timasunga malangizo a chibadwa. Cheza chochepa chimatha kuthyola kaulusi kamodzi ndi kukalumikiza molakwika, ndipo chilema chimenecho chimakhala chosiyana m'selo lililonse, komanso chimapita kwa ana ndi zidzukulu zonse za selolo. Becker adagwiritsa ntchito chilemacho ngati chizindikiro cha banja. Adakhala miyezi yambiri akuyang'ana maselo pa galasi, limodzi limodzi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Potsiriza adapeza timibulu timene pafupifupi maselo ake onse ogaŵikana adali ndi chilema chofanana. Umenewu udali umboni wakuti kambulu konse ndi zidzukulu za selo limodzi. Nkhaniyi idatuluka mu 1963 m'magazini yotchuka ya Nature.

Padatsala funso lalikulu koposa, lija lakuti bwanji gwero la magazi siliphwa. Mlimi aliyense amadziŵa kuti banja limene ladya chimanga chonse osasungako mbeu silidzakolola chaka chamaŵa. Chimanga chodya ndi chimanga cha mbeu zimaoneka zofanana, koma ntchito yake ndi yosiyana. Pamodzi ndi katswiri wina, Louis Siminovitch, aŵiri aja adachotsa timibulu kamodzi kamodzi, natiphwanya, nabaya maselo ake mu mbeŵa zina zounikidwa ndi cheza. Pa kapamba wa mbeŵa zatsopanozo padatulukanso timibulu. Izi zidaonetsa kuti selo loyamba lija, pobala maselo ogwira ntchito, lidabalanso ena ofanana nalo, amene angathe kuyambanso ntchito yonseyo. Kunena kwina, kholo la magazi limadzisungira mbeu. Zimenezi nazonso zidasindikizidwa mu 1963.

Kuchokera pamenepo akatswiri adakhala ndi muyeso wodziŵira kholo la maselo. Liyenera kuchita zinthu zitatu: kubala zidzukulu zochuluka, kubala mitundu yosiyanasiyana, ndi kubala lina lofanana nalo. Muyesowu sufunsa za maonekedwe a selo. Umafunsa za ntchito yake. Apa ndiye pagona phindu lalikulu la Dr. McCulloch ndi Dr. Till. Mkangano umene galasi lidalephera kuuthetsa kwa zaka 50 udatha pamene anthu adaleka kufunsa kuti selo likuoneka bwanji, nayamba kulipatsa ntchito ndi kuŵerenga zotsatira zake. Patsogolo pake muyeso womwewo udagwiritsidwa ntchito ndi ofufuza khungu, matumbo ndi ubongo.

Kafukufukuyo adaonetsanso chinthu chodabwitsa. Timibulu sitidali ndi mbeu yofanana: tina tidali ndi yambiri, tambiri tidali ndi yochepa, tina tidalibiretu. Dr. Till adaŵerengera kusiyanaku ndi masamu, ndipo mu 1964 atatuwo adalemba kuti selo lililonse likamagaŵikana, kusunga mbeu kapena kukhwima kumachitika ngati mwa maere, koma maselo akakhala ambiri maerewo amalingana, thupi nkumalandira magazi okwanira. Ganizo limeneli lidautsa mtsutso umene udapitirira zaka zambiri.

Dr. McCulloch adafufuzanso mitundu iŵiri ya mbeŵa zobadwa ndi magazi ochepa, mothandizana ndi Elizabeth Russell wa ku Jackson Laboratory ku America. Poziona, mbeŵa za mitundu iŵiriyi zinkadwala mofanana. Koma za mtundu woyamba zinkachira zikalandira mafuta a m'mafupa a mbeŵa yabwino, pamene za mtundu wachiŵiri sizinkachira. Chodabwitsa nchakuti mafuta a m'mafupa a mtundu wachiŵiriwo ankamera bwinobwino akaikidwa mu mbeŵa ina. Tsono kudadziŵika, m'zaka za 1964 ndi 1965, kuti mu mtundu woyamba choipa ndi mbeu, ndipo mu mtundu wachiŵiri choipa ndi nthaka. Kholo la magazi silingagwire ntchito palokha. Limadalira malo amene likukhalamo. Patapita zaka zoposa 20, mu 1988, gulu la Alan Bernstein, amene adaphunzira kwa Dr. Till, lidali limodzi mwa magulu amene adapeza chilema chenicheni cha mtundu woyamba, ndipo cha mtundu wachiŵiri chidapezeka mu 1990.

M'zaka za m'ma 1970 Dr. McCulloch adabwerera ku nthenda imene idamsautsa ali dotolo wachinyamata, khansa ya m'magazi. Iye ankakhulupirira kuti khansayo nayonso ili ndi makolo ake. Mu 1977, pamodzi ndi Ronald Buick ndi Dr. Till, adafotokoza njira yomeretsera maselo a khansa a odwala m'timbale, kuti aone maselo amene ali ndi mphamvu yodzichulukitsa ndiponso m'mene mankhwala amaŵagonjetsera. Ganizo lake lidali lakuti mankhwala amene angopha maselo ambiri koma nkusiya makolo a khansa ali ngati munthu wosadza udzu osazula mizu. Umboni wamphamvu wa ganizoli udabwera mu 1994 ndi 1997 kuchokera kwa John Dick wa ku Toronto komweko, amene adaonetsa kuti mwa maselo a khansa ya wodwala ndi ochepa kwambiri amene angathe kuyambitsa nthendayo mu mbeŵa.

Mbiri ya katswiri imaonekeranso mwa ophunzira ake. Alan Wu adaonetsa mu 1968 kuti maselo oteteza thupi a m'mitsempha ya anabere ali pa ubale ndi maselo oyambitsa timibulu tija. Hans Messner adatsogolera ntchito yoika mafuta a m'mafupa mwa odwala pa chipatala cha Princess Margaret kwa zaka zambiri. Norman Iscove adakonza madzi omeretsera maselo amene adatchedwa ndi dzina lake, ndipo ndi iyeyo, pamodzi ndi anzake aŵiri, amene mu 1982 adakonza cholakwa cha aphunzitsi ake. Adaonetsa kuti timibulu toyamba kuoneka pa kapamba sitikhalitsa, ndipo timachokera kwa ana a kholo la magazi, osati kwa kholo lenilenilo. Kholo lenileni ndi losoŵa koposa m'mene ankaganizira poyamba. Kukonza kumeneku sikudagwetse ntchito ya Dr. McCulloch, pakuti kudachitika potsata muyeso wake womwe. Ndipo pamene Irving Weissman ndi anzake a ku Stanford adapatula maselo a makolo a magazi a mbeŵa mu 1988, timibulu ta pa kapamba tidali imodzi mwa njira zimene adayesera maselowo.

Omvera angafunse kuti wodwala wapindulapo chiyani. Apa nkofunika kunena zoona zokhazokha. Dr. McCulloch sindiye adayamba kuika mafuta a m'mafupa mwa anthu. Amene adayamba ndi Dr. E. Donnall Thomas wa ku America, amene mu 1957 adalemba za odwala 6 amene adaŵayesa njirayi, ngakhale kuti palibe ndi mmodzi yemwe adachira. Padafunika kuti madotolo aphunzire kusankha wopereka amene thupi lake likugwirizana ndi la wodwala, ndipo mu 1968 Dr. Robert Good adachiza mwana wobadwa wopanda chitetezo cha m'thupi pomuika mafuta a m'mafupa a mlongo wake. Chimene ntchito ya ku Toronto idapereka ndi kumvetsa: idafotokoza chifukwa chimene maselo ochepa amamangiranso magazi a munthu kwa moyo wake wonse, ndipo idaphunzitsa madotolo kuŵerenga mphamvu ya maselo amene akuika mwa wodwala. Pofika kumapeto kwa 2012, chithandizo chimenechi chidali chitaperekedwa kokwana 1,000,000 pa dziko lonse lapansi.

Nkhaniyi ikukhudzanso Africa. Nthenda yobadwa nayo ya sickle cell, imene imapotoza maselo ofiira ndi kuzunza ana ndi ululu woopsa, imapezeka kwambiri mu Africa muno kuposa kwina kulikonse. Popeza chilema chake chili m'kholo la magazi, kusintha khololo kumachiza nthendayo, ndipo madotolo a ku America adalemba za mwana woyamba kuchira motero mu 1984. Mu 2023 maiko a Britain ndi America adavomereza njira yatsopano yochotsa makolo a magazi a wodwala mwini wake, kuŵakonza, ndi kuŵabwezeranso m'thupi. Palinso Timothy Ray Brown, amene mu 2007 adalandira maselo otere mu mzinda wa Berlin chifukwa cha khansa ya m'magazi; wopereka wake adali ndi chibadwa chokana kachilombo ka HIV, ndipo kachilomboko sikadaonekenso m'thupi mwake kufikira imfa yake mu 2020. Komabe njira zimenezi ndi zodula kwambiri ndiponso zoika moyo pa chiswe, ndipo siziloŵa m'malo mwa mankhwala otalikitsa moyo amene anthu amalandira ku zipatala.

Ulemu udadza pang'onopang'ono. Aŵiriwo adalandira mphotho ya Gairdner mu 1969. Dr. McCulloch adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ya ku London mu 1999, ndipo mu 2005 iye ndi Dr. Till adalandira mphotho ya Lasker, imodzi mwa mphotho zazikulu za sayansi ya zachipatala ku America. Mphotho ya Nobel, imene Dr. Thomas adalandira mu 1990, siidaŵafike, ngakhale kuti akatswiri ambiri ankaona kuti idaŵayenera. Dr. McCulloch adamwalira ku Toronto mu January 2011 ali ndi zaka 84, kutatsala masabata oŵerengeka kuti zikwane zaka 50 chisindikizireni nkhani yao ya 1961. Mu 2020 dziko la Canada lidaika nkhope za aŵiriwo pa sitampa ya pa positi ofesi.

Dr. McCulloch sadaone kholo la magazi ndi maso ake pa tsiku Lamulungu lija. Chimene adaona ndi timibulu timene ena adationa kale nkutipitirira. Iye adatiŵerenga, napereka manambalawo kwa mnzake wodziŵa kuŵamasulira, ndipo aŵiriwo adakana kutchula dzina la chimene adapezacho kufikira patapita zaka zitatu, umboni utakwanira. Wophunzira aliyense amene akumvera, kaya adzakhala dotolo, mlangizi wa zaulimi kapena mphunzitsi, angatengepo khalidwe limeneli: kuŵerenga mosamala chimene chili pamaso pake, ndi kusanena zoposa zimene waŵerengazo.